Ramen ku Tokyo: m'thumba mupepuka, koma samalani ndi msuzi

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akupita ku Tokyo kukachita maphunziro a miyezi ingapo kudzera ku JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza mayiko ena, ndipo anzake amuuza kuti akafuna kusunga ndalama azikadya m'timalesitilanti ta ramen, chakudya cha ma noodles a mumsuzi wotentha. Akufunsa kuti munthu wosamva Chijapanizi amagula bwanji mmenemo, nanga iye wa Seventh Day, yemwe sadya nkhumba, angadyemo?

Achimwene, anzanuwo sananame. Mbale ya ramen pamalo wamba imagulitsidwa pafupifupi 1,000 yen, kwina kutsikirapo, kwina kukwererapo pang'ono, ndipo munthu amakhuta. Madzi akumwa ndi aulere, ndipo ku Japan woperekera chakudya sapatsidwa ya fanta. Koma tiyambe ndi nkhumbayo, chifukwa mpamene ambiri amapusitsika.

Kanyama kamene mumakaona pamwamba pa mbale, kotchedwa chashu, nthawi zambiri ndi ka nkhumba. Kukachotsa sikuthandiza kanthu, poti nkhumba yeniyeni ili mumsuzi. Ramen ya tonkotsu, yotchuka ku Fukuoka, msuzi wake ndi mafupa a nkhumba owiritsidwa maola ambiri mpaka madzi kuyera ngati mkaka. Imeneyo ingoiwalani. Zovuta ndi zinazi: shoyu ya ku Tokyo, miso ya ku Sapporo ndi shio ya ku Hakodate. Mayinawa akungonena chokoleretsa, kaya ndi msuzi wa soya, phala la soya lofufumitsa kapena mchere. Sakunena mafupa amene alowa mumphika. Ophika ambiri amasakaniza a nkhuku ndi a nkhumba, ena amathiranso mafuta a nkhumba pamwamba kuti msuzi usazizire msanga.

Ndiye muchite chiyani? Funani tori paitan, ya msuzi wa nkhuku, koma mufunsebe. Lembani mufoni mawu awa: "Butaniku wa haitte imasu ka?", kufunsa ngati muli nkhumba, kenako mulozenso msuziwo. Chilembo cha 豚, chotanthauza nkhumba, muchiloweze pamtima, mukachiona pa batani la makina ogulira chakudya musadine. Ngati simufuna mtima uzikugundani pakudya, pitani kumalo olembedwa halal, omwe alipo ndithu ku Tokyo, kapena ku lesitilanti ya T's Tantan mkati mwa siteshoni ya sitima ya Tokyo Station, komwe saphika nyama ya mtundu uliwonse. Abale athu achisilamu adziwenso kuti zokoleretsa zambiri amathiramo mirin kapena sake, zomwe ndi mowa wa mpunga.

Kagulidwe nkosavuta. Malo ambiri ang'onoang'ono ali ndi makina pakhomo. Mumaika ndalama, mumadina batani, kenako katikiti kotulukako mumapatsa wophika. Batani la pamwamba kumanzere nthawi zambiri ndi mbale imene malowo amadziwika nayo (kwa inu, funsani kaye musanadine). Yendani ndi ndalama ya 1,000 yen ndi makobidi, chifukwa makina ambiri salandira khadi, ndipo ena akale amakana ndalama zatsopano zimene zinatuluka mu July 2024.

Mukalowa mupeza kauntala yaitali ndi timipando tochepa, wophika ali patsogolo panu penipeni akukung'untha madzi m'kasefa ka ma noodles. Mbale ikafika musachedwe ndi zithunzi. Ma noodles ake amakandira madzi otchedwa kansui, omwe amawapatsa mtundu wachikasu ndi kulimba pang'ono, koma akakhalitsa mumsuzi wotentha amalobodoka. Nchifukwa chake anthu amafwinkha mokweza, fyuu, popanda wowayang'ana. Kwathu agogo akanakudzudzulani, kumeneko nkudya bwino. Timitengo todyera tikakuvutani, supuni yamsuzi ilipo, ndipo kupempha foloko si mlandu.

Chimene ndimaona kuti alendo amalakwitsa kwambiri ndi kukhalitsa. Malo amenewa ali ngati pa chiimilire pamsika: idyani, nyamukani. Mwini wake amapeza phindu pa kuchuluka kwa anthu odutsa pa timipando tija, ndiye panja pakakhala mzere, inu n'kumacheza pa WhatsApp mbale itatha, mukumudyera masuku pamutu. Ngati anzanu akuika mbale pamwamba pa kauntala ndi kupukuta pamene anadyera, chitani chimodzimodzi. Potuluka nenani "gochisousama deshita", kuthokoza chifukwa cha chakudya.

Komanso musamadye ramen tsiku lililonse. Mchere wake ndi wambiri, ndipo ngati muli ndi BP msuziwo musamamalize.