Kodi kuzungulira mawodi onsewa n'kutaya nthawi? Yankho kwa dokotala wofuna ukatswiri wa matenda a maganizo

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa dokotala wachitsikana amene akumaliza internship yake, nthawi imene dokotala watsopano amagwira ntchito moyang'aniridwa, kuno ku Mzuzu. Mtima wake uli pa psychiatry, ukatswiri wa matenda a maganizo. Koma wamva kuti pa maphunzirowo munthu sakhala malo amodzi, amasinthidwa magawo miyezi ingapo iliyonse, ndipo magawo ena ndi omwe aja wangochokako, a matenda a m'thupi ndi a minyewa. Mawu ake ndi awa: "Kodi kumeneku si kutaya nthawi? Ine ndikufuna odwala maganizo, osati kubwerera ku malungo ndi shuga. Komanso, sindingaphunzire zonse konkuno? Amayi anga ndi okalamba."

Achemwali, zikomo polemba. Ine ndine kilinikala ofesala, ndakalambira m'ntchito imeneyi ndipo ndagwirapo limodzi ndi madokotala ophunzira ukatswiri, amene timawatcha ma registrar. Ndiyankha monga momwe ndaonera ndi maso anga.

Choyamba njira yake. Digiri ya ukatswiriyi ndi MMed in Psychiatry, ya zaka 4, ndipo m'dziko muno imaperekedwa ndi Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, sukulu imene inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Mumalowa mutamaliza internship ndi kulembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Odwala ogonekedwa mumakawapeza makamaka ku Zomba Mental Hospital, pomwe oyendera ndi a m'mawodi a matenda ena mumawaona ku Queen Elizabeth. Magulu oyambirira ankamaliza gawo lina la maphunziro ku University of Cape Town, chifukwa kumeneko kuli akatswiri a ana, a okalamba ndi a milandu ya kukhoti oti n'kuyang'anira wophunzira, ndipo anzathu a ku Scotland anathandiza kwambiri kuti pulogalamuyi iyime. Ndondomeko ya chaka chimene mukufuna kulowa mukaifunse ku dipatimenti yake, musadalire za m'maluwa.

Ndiye pa funso lanu lachiwiri yankho ndi lakuti ayi, ku Mzuzu mudzachokako ndithu kwa kanthawi. Za amayi tikambirana kumapeto.

Gawo loyamba nthawi zambiri ndi wodi ya akuluakulu odwala mwakayakaya. Apa mpamene mudzakhalitse, ndipo m'pake. Wodwala amafika kumbuyo kwa galimoto ya matola, manja atamangidwa ndi chingwe kapena linya, abale atatopa, mwina wapolisi ali pambali. Chinthu choyamba kuphunzira si mankhwala ayi, koma kaimidwe: kuima potalikirapo, khomo lili kumbuyo kwanu, mawu otsika, kumutchula dzina lake, kumuuza dzina lanu, kenako kupempha kuti chingwe chimasulidwe pamene anamwino ali okonzeka. Anamwino akale a m'wodi amadziwa izi kuposa buku lililonse. Registrar wanzeru amawayang'anitsitsa.

Kenako mankhwala. Haloperidol, chlorpromazine, jakisoni wa pamwezi wa fluphenazine, amitriptyline, fluoxetine, carbamazepine, sodium valproate. Mndandanda wake ndi waufupi, koma kuudziwa bwino kumatenga nthawi. Mudzaona mnyamata amene mwamupatsa haloperidol dzulo, lero khosi lapotokera mbali imodzi, maso atembenukira kumwamba, lilime latuluka, dovu likuchucha. Agogo ake akulira kuti amulodza m'chipatala momwemo. Mankhwala aja ndiwo achita zimenezo, ndipo mankhwala ena otchedwa benzhexol amabweza. Koma mukapanda kuwafotokozera abale zimenezi asanapite kumudzi, tsiku limene zidzachitikire kunyumba mapiritsi onse akatayidwa m'chimbudzi, ndipo simudzamuonanso mpaka atadwalikanso.

Tsopano pa nkhawa yanu yeniyeni. Mukuti kubwerera ku mawodi a matenda a m'thupi n'kutaya nthawi. Pamenepa ndikukanani ndi mtima wonse, chifukwa ndaona anthu akupulumuka ndi ena akutayika pa nkhani yomweyi.

Kuno kwathu, mwa anthu amene amabwera nawo abale akuti "wapenga", alipo ndithu amene sakudwala maganizo. Thupi ndi limene likudwala, ubongo ukungolira nawo. Taganizani za bambo wa zaka makumi anayi, msodzi wochokera kunyanja, amene sanadwalepo mutu chibadwire. Mkazi wake akuti Lachitatu anali bwinobwino, Lachisanu wayamba kubwebweta. Masana akuoneka wabwinoko, usiku akukoka zofunda, akuti akuona anthu pakhoma. Mukamufunsa kuti ali kuti, akuti ali pa doko. Mukamuuza kuti atchule masiku a sabata chobwerera m'mbuyo, akuthera pa Lachisanu, maso apita kwina. Imeneyi ndi delirium, ndipo ndi ngozi yoti munthu atha kufa nayo m'masiku ochepa. Gwirani pachipumi. Yezani malungo, yezani shuga, pindani khosi muone ngati lauma, funsani za HIV ndi ma ARV, mverani m'chifuwa. Mwina ndi malungo aakulu, mwina ndi cryptococcal meningitis, matenda oumitsa khosi aja, mwina chibayo, mwina impso zafooka. Mukangomubaya jakisoni wogonetsa n'kulemba kalata yomutumiza ku chipatala cha amisala, mwamutumiza kumanda.

Mudzati izi munaphunzira kale pa internship. Zoona, koma nthawi imeneyo munali ndi akuluakulu pamwamba panu. Mukadzakhala katswiri, inu ndiye mudzaitanidwe ku wodi ya abambo usiku kuti "adokotala, dzamutengeni wodwala wanu, akusokoneza anzake". Pamafunika kudziwa zinthu mozama kuti muyankhe mwaulemu koma mosagwedezeka kuti munthuyu akhale pomwepa, atengedwe madzi a pamsana, ine ndizibwera kudzamuona m'mawa uliwonse. Mphamvu yoyankhulira chotero imachokera ku miyezi imene mukuiona ngati yotayika ija.

Nkhani ya mowa ili pomwepanso. Bambo womwa kachasu tsiku lililonse wathyoka mwendo pa ngozi ya njinga yamoto, wagonekedwa ku wodi ya opaleshoni. Palibe wamufunsa za mowa. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu wayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, akuthamangitsa tizilombo pa bulangete, mwinanso wakomoka. Thupi likufuna mowa umene lasowa mwadzidzidzi. Mankhwala ake ndi diazepam woperekedwa mwandondomeko pamodzi ndi vitamini wotchedwa thiamine, ndipo thiamine ameneyu asaiwalike pomuika diripi ya shuga, apo ayi ubongo ungavulale mpaka kalekale. Ma ARV nawo ali ndi mbiri yawo. Dziko lino lisanasinthire ku dolutegravir mu 2019, ambiri ankamwa efavirenz, amene ena ankawalotetsa maloto oopsa, kuwasowetsa tulo, ngakhale kuwasokoneza mutu kumene. Amene ankadziwa zimenezi ankayamba waona kabuku ka kuchipatala ka wodwala asanatchule matenda.

Gawo la minyewa ndi ubongo musalipeputse n'komwe. M'mayiko ena khunyu ndi ntchito ya akatswiri a minyewa. Kuno limagwera ku kiliniki ya matenda a maganizo, ndipo m'zipatala za maboma mzere wa a khunyu umakhala wautali kwambiri. Mudzawazindikira ndi zipsera za moto m'manja ndi m'miyendo, chifukwa anagwera pa mafuwa anthu n'kuopa kuwagwira poganiza kuti thovu lawo limapatsira. Muyenera kusiyanitsa khunyu lenileni ndi kukomoka kobwera ndi nkhawa, monga kuja kumagwira atsikana angapo nthawi imodzi m'sukulu zogonera komweko. Muyenera kudziwa kuti carbamazepine ndi phenobarbitone amafooketsa mankhwala ena m'thupi, kuphatikizapo dolutegravir ndi njira yolera ya pamkono, komanso kuti sodium valproate amavulaza mwana m'mimba. Mayi wachitsikana wa khunyu, amene alinso pa ma ARV ndipo ali ndi kolera ka pamkono, si nkhani ya m'mayeso chabe. Mudzakhala naye maso ndi maso, ndipo palibe wina woti mumutumizeko.

Ku wodi ya amayi oyembekezera ndi ochira mudzaphunzira matenda amene amagwira mayi m'masabata awiri oyamba atabereka: kusagona, kulankhula zosagwirizana, kuopa kapena kukana mwana. Amafunika changu, ndipo ambiri amachira bwino. Koma ochuluka ndi aja ongokhala chete, akulira mobisa, apongozi akuti ndi ulesi. Amenewa amapezeka pokhapokha wina akawafunsa.

Magawo a ana, a okalamba, a mankhwala ozunguza bongo ndi a milandu ndi aafupiko, koma aliyense ali ndi chake. Kwa ana mudzaphunzira kuti theka la ntchito ndi makolo ndi aphunzitsi. Ku milandu mudzaphunzira kulemba lipoti louza khoti ngati munthu angathe kutsatira mlandu wake, ndi mmene maganizo ake analili pa nthawi ya chopalamulacho. Werengani malamulo okhudza kugoneka munthu m'chipatala iye asakufuna, kuyambira pa Mental Treatment Act ya 1948 imene tinayendera zaka zambirimbiri, chifukwa siginecha yanu idzakhala ndi mphamvu yolanda munthu ufulu wake. Mphamvu imeneyo iziikuopsani nthawi zonse.

Nanga Mzuzu ili pati pa zonsezi? Ili ndi zambiri kuposa momwe mukuganizira. A St John of God akhala akugwira ntchito ya matenda a maganizo mumzinda muno kuyambira zaka za m'ma 1990. Ali ndi malo ogonekera odwala otchedwa House of Hospitality, amayendera madera ozungulira, amathandiza ana olumala ndi anthu ofuna kusiya mowa ndi chamba, ndiponso ali ndi koleji yophunzitsa makilinikala ofesala ndi anamwino a matenda a maganizo. Chimene chasowa kuno ndi akatswiri okwanira oti aziyang'anira registrar sabata ndi sabata, ndipo popanda woyang'anira palibe maphunziro a ukatswiri, pali kungogwira ntchito. Ndi chifukwa chake mukuyenera kupita, ndiponso ndi chifukwa chake tikufuna mudzabwerere.

Muli ndi chuma china chimene anzanu ambiri sadzakhala nacho. Mwalemba kuti munakulira kuno, ndiye kuti Chitumbuka mumachimva. Ntchito yathu ilibe makina ounikira maganizo, chida chathu ndi khutu. Wodwala wochokera ku Rumphi kapena ku Mzimba akayamba kufotokoza za mumtima mwake, Chichewa chimamuthera, amabwerera ku chilankhulo cha amayi ake. Womasulira akakhala mlamu wake, zina sizinenedwa. Muphunzireko ndi Chitonga ndi Chinkhonde, ngakhale pang'ono. Ndipo musanyoze za vimbuza. Mabanja ambiri kuno amayamba apita kwa sing'anga, ng'oma zilira usiku wonse, kenako ndiye amabwera kwa ife. Mukawadzudzula, ulendo wina sadzakuuzani. Afunseni modekha kuti anapita kuti, anauzidwa chiyani, anamwa chiyani. M'mayankho awo mudzamva chimene banjalo likuopa, ndipo nthawi zina mudzapezamo ndi dzina la mzu umene wavulaza chiwindi.

Gawo la kumaboma, loyenda ndi namwino wa matenda a maganizo m'zipatala zazing'ono, ena amaliona ngati tchuthi. Kumeneko ndi kumene mudzaone chimene chimachitika ndi mapepala amene mumalemba muli ku chipatala chachikulu. Mwalemba mankhwala abwino, koma kumeneko kulibe. Mwalemba kuti abwerenso pakatha masabata awiri, koma kuchoka ku Chitipa kufika ku Zomba ndi ulendo wodya ndalama ya matumba angapo a chimanga. Mukaona zimenezi mudzayamba kulemba mosiyana, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake WHO inatulutsa buku la mhGAP mu 2010, lophunzitsira ogwira ntchito amene si akatswiri. M'dziko la anthu oposa 20 miliyoni, akatswiri a psychiatry ali ochepa zedi, choncho gawo lalikulu la moyo wanu lidzakhala kuphunzitsa ndi kuyankha foni za makilinikala ngati ine.

Pali zinthu zingapo zoti muzigwiritse pa gawo lililonse. Ola lokumana ndi okuyang'anirani musalole kuti lizidyedwa ndi ntchito zina, lifunseni mwaulemu koma mosatopa. Logbook, buku lolembamo ntchito imene mwagwira, muzilemba tsiku lomwelo. Mutu wa kafukufuku wanu muusankhe msanga, makamaka kuchokera pa chinthu chimene chakuvutitsani maganizo m'wodi. Ndipo tsiku lina wodwala wanu adzadzipha ngakhale munachita zonse zoyenera. Limenelo ndi tsiku lowawa kwambiri pa ntchitoyi. Mudzafune mnzanu kapena mkulu woti mukhale naye pansi, musadzalisenze nokha.

Za amayi, khalani pansi ndi abale anu panopa, musanatumize n'komwe makalata ofunsira malo. Mugawane kuti ndani azikhala nawo, ndani aziwaperekeza ku chipatala, ndalama izichokera kuti. Muwauze amayiwo zoona zake, kuti ndi zaka 4 ndipo Blantyre ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Mwina adzakufunsani ngati wosamala amisala sapenga nawo, monga amafunsira makolo ambiri. Ayankheni mofatsa kuti matendawa sapatsirana.

Pa miyezi yakutsalirani pa internship, pemphani akuluakulu anu kuti wodwala aliyense wosokonezeka mutu m'wodi muzimuona ndinu, ndipo muzimutsatira mpaka chimene chayambitsa chipezeke. Pemphaninso chilolezo chokakhala nawo pa kiliniki ya matenda a maganizo tsiku limene simuli pa ntchito. Mukakumana ndi wodwala wokuzunguzani, ndilembereni pa imelo yomweyi osatchula dzina lake, tikambirane.