Dzino la mwana laguluka pa mpira, kodi lingabwezeretsedwe?

Funso: Adokotala, mwana wanga wa zaka 10 anagwa akusewera mpira wachikulunga, dzino lakutsogolo lakumwamba n'kuguluka ndi muzu womwe. Ndinalikulunga m'pepala, tinapita kuchipatala m'mawa mwake, koma anatiuza kuti tachedwa. Ndikanatani? (Mayi wa ku Ndirande)

Yankho: Pepani kwambiri mayi. Dzino lachikulire likaguluka lathunthu likhoza kubwezeretsedwa n'kugwiranso, koma mpata wake ndi wochepa zedi. Pamuzu pamakhala timinofu tamoyo tolumikiza dzino ku fupa la nsagwada. Dzino likauma kwa mphindi zoposa 60, timinofu timeneti timafa, ndipo pepala kapena thumba la malaya zimaliumitsa msanga.

Yambani mwadziwa kuti ndi dzino lanji. Mano achikulire akutsogolo amamera mwana ali ndi zaka 6 mpaka 8, ndiye la mwana wanu linali lachikulire. Laubwana musalibwezeretse, mungavulaze lachikulire lomwe likukula mkati mwa nkhama.

Dzinolo ligwireni kumutu koyerako, muzu musaukhudze. Ngati lili ndi dothi, litsukuluzeni mumkaka kapena m'madzi oyera ozizira kwa masekondi 10 basi. Osalikwecha, osalipala, osalipaka sopo kapena spiriti. Kenako lilowetseni pang'onopang'ono pamalo pake, liyang'ane monga linzake, mwanayo alume kansalu koyera kuti lisasunthe. Makolo ambiri amachita mantha pamenepa, koma kulibwezera pompo ndiye thandizo loposa onse. Zikakanika, liviikeni m'kapu ya mkaka wozizira wa m'paketi. Mkaka ukasowa, mwanayo alavulire malovu m'kapu, dzinolo likhale mmenemo. M'madzi wamba musalisunge, amawononga timinofu tija. M'tsaya mwa mwana wamng'ono ayinso, angalimeze.

Musadikire kuti kuche. Kuno ku Blantyre pitani ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth, kumene kuli gawo la mano, kapena kwa dokotala wa mano amene muli naye pafupi. Kumeneko dzinolo amalimangirira ku anzake ndi kawaya kofewa kwa milungu iwiri kapena cha pamenepo, ndipo nthawi zambiri pambuyo pake amayeretsa mkati mwa muzu kuti musachite mafinya. Ngati linagwera m'dothi, funsani za katemera wa kafumbata.

Magazi akamatuluka, panikizani pabalapo ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osayang'anayang'ana. Ululu, Panado amakwanira. Asipirini musampatse mwana, ndipo musamuike pa nkhama chifukwa amawotcha. Mwana akakomoka, akamasanza kapena akamasinza modabwitsa, nkhani ya dzino idikire kaye, thamangirani kuchipinda cha ngozi chifukwa mwina wavulala m'mutu.

Mwana wanuyo bwererani naye akamujambule X-ray, aone ngati mano oyandikana nawo sanasweke mizu. Mpata wotsalawo amatha kuikapo dzino loyikirira kuti anzake asapendekere mmenemo. Dzino lokhomera m'fupa amadikira kaye mpaka nsagwada itasiya kukula.