Mafunso a Owerenga: Zidole Zazitali Kuposa Nyumba pa Mwambo Wokumbukira Akufa

Funso: Mlongo wanga amene amakhala ku Liverpool ananditumizira kanema woonetsa chidole chachikulu cha mtsikana chikuyenda pamsewu, ndipo anati unali mwambo wokumbukira anthu amene anafa pa sitima ya Titanic. Kodi zidole zoterezi zimayenda bwanji? Nanga kukumbukira akufa ndi zoseweretsa si kupeputsa maliro? (Wowerenga wa ku Zomba)

Yankho: Zimene munaonazo zinachitika kuyambira pa 20 mpaka pa 22 Epulo 2012, patatha zaka 100 chimirireni sitimayo. Eni ake a zidolezo ndi gulu la zisudzo la ku France lotchedwa Royal de Luxe, limene Jean-Luc Courcoult analiyambitsa mu 1979 ndipo lakhala mumzinda wa Nantes kuyambira mu 1989.

Zidolezi amazipanga ndi matabwa ndi zitsulo, kenako amazipachika ku makina onyamulira katundu wolemera amene amayenda pambuyo pake. Mutu, manja ndi miyendo zimamangidwa ndi zingwe, ndipo zingwezo zimakokedwa ndi gulu la anthu ovala zofiira. Mukaonererenso kanemayo, yang'anani kumapazi a chidole chachimuna, chomwe ndi chachikulu kwambiri pa zonse. Kuti mwendo umodzi unyamuke, anthu amakwera pansanja, nkugwira chingwe, nkudumphira pansi kuti kulemera kwa matupi awo kukoke phazilo, ndipo akangotera amathamangira kukakweranso. Okoka zingwewa sabisala. Aliyense amaona thukuta lawo, komabe chidolecho chikaphethira nkutembenuzira nkhope kwa anthu, oonerera amaiwala zingwe nkuyamba kuchibayibitsa ngati munthu.

Pa funso lanu lachiwiri, nkhawa yanu ndikuimva, chifukwa akufa ndi oyenera ulemu. Koma ine sindikuona kupeputsa kulikonse, ndipo chifukwa chake chili m'mene nkhaniyi inayambira. Titanic inalembetsedwa ku Liverpool, ndipo ena mwa ogwira ntchito m'sitimayo anali ochokera mumzindawu. Mmodzi mwa iwo anali William McMurray, amene ankasamalira zipinda zogona za apaulendo. Mwana wake wamkazi wa zaka 10, May, anamulembera kalata, koma inafika ku Southampton sitima itanyamuka kale, ndipo bamboyo anafa asanaiwerenge. Kalata imeneyi, yomwe ikusungidwa ku Merseyside Maritime Museum, ndiyo inabala sewero lonse.

M'seweromo, mtsikana wamtali uja ankayendayenda mumzinda pamodzi ndi galu wake Xolo, pamene mbale wa bambo ake, wamtali kuposa iye ndiponso wovala zovala zolowera pansi pa nyanja, anavuuka m'madzi a padoko atabweretsa kalata imene bambo a mtsikanayo analemba asanamire. Anthu oposa 1,500 anafa pa ngoziyo, koma chiwerengero chotere chimangodutsa m'makutu, chifukwa palibe mtima umene ungalire anthu 1,500 nthawi imodzi. Mwana mmodzi wodikira mawu a bambo ake, ameneyo aliyense amamumvetsa, ngakhale amene sanaonepo nyanja. Ndiponso mwambo wa nkhata za maluwa umakhala wa akuluakulu oitanidwa, pamene chidole chodutsa pakhomo panu chimafikira mwana, gogo ndi wogulitsa m'sitolo popanda kulipira khomo.

Gululi linachitanso chimodzimodzi ku Berlin mu Okutobala 2009, pokumbukira zaka 20 chigwereni khoma limene linagawa mzindawo pawiri. Zidole ziwiri zinachokera mbali zosiyana, kummawa ndi kumadzulo, nkukakumana pa chipata chotchuka cha Brandenburg Gate. Mu 2014 linabwereranso ku Liverpool ndi chidole cha gogo wamkazi woyenda panjinga ya olumala, pokumbukira zaka 100 chiyambireni nkhondo yoyamba ya padziko lonse.

Mukamalankhulanso ndi mlongo wanu, mumufunse ngati anaona tsiku lomaliza la mwambo wa mu 2012 uja, pamene mtsikanayo, mbale wa bambo ake ndi galu anakwezedwa m'boti nkuchoka kudzera mumtsinje wa Mersey, khamu la anthu litaima m'mphepete mwa madzi kuwatsanzika.