Nkhuku zikafa zambiri nthawi imodzi: ndi chitopa kapena chimfine cha mbalame?

Mayi ena a ku Zomba, amene amaweta nkhuku zachikuda ndi abakha kufupi ndi nyanja ya Chilwa, andilembera imelo. Akuti nkhuku zawo zambiri zinafa m'masiku atatu okha, anansi akuti ndi chitopa cha chaka ndi chaka, koma iwo anamva pa wailesi za chimfine cha mbalame. Akufunsa ngati matenda awiriwa ali amodzi, ngati nkhuku zotere zingadyedwe, komanso ngati mliri wonga wa Covid-19 ungayambire m'khola.

Pepani, Mayi, chifukwa ndikudziwa kuti nkhuku pakhomo ndiyo fizi ya mwana, ndiyonso ndiwo ya mlendo. Matenda awiriwa ndi osiyana, ngakhale kuti ndi maso simungawasiyanitse. Onse amapha nkhuku mwadzidzidzi, amazigwetsa mapiko, amazitsekula m'mimba ndi kuzibanikitsa popuma. Chitopa chili ndi katemera wodontheza m'diso amene alimi ambiri amamudziwa, ndipo munthu sichimudwalitsa kwenikweni, kupatula kufiiritsa maso nthawi zina. Chimfine cha mbalame, makamaka mtundu wa H5N1, chimatha kupha munthu. Amene angalekanitse ziwirizi ndi a ku labotale okha, monga ya zaziweto ya ku Lilongwe, atayeza nkhuku yakufayo. N'kutheka ndithu kuti anansi anu akunena zoona, pakuti chitopa n'chofala kwathu kuno, koma chidwi changa chili pa abakha anuwo ndi nyanjayo. Kachilombo ka chimfine cha mbalame kamayenda ndi mbalame za m'madzi zouluka mitunda italiitali, ndipo bakha amatha kukasunga osaoneka wodwala, uku akukasiya m'zitosi ndi m'madzi amene nkhuku zikumwa.

H5N1 anapezeka koyamba m'matsekwe ku Guangdong, m'dziko la China, mu 1996. Chaka chotsatira anadwalitsa anthu 18 ku Hong Kong, 6 mwa iwo n'kumwalira, ndipo boma la kumeneko linapha nkhuku zoposa miliyoni imodzi m'masiku ochepa. Ku Africa anafika mu 2006, kuyambira ku Nigeria ndi Egypt. Chiyambire 2003, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lalandira malipoti a anthu oposa 800 amene anadwala, ndipo pafupifupi theka la iwo anamwalira. Ambiri mwa anthuwa anali atagwira, kupha kapena kusosola mbalame zodwala. Pamenepa ndi pamene pali yankho la funso lanu lachiwiri. Moto umapha kachilomboka ngati nyama yapsa bwino mpaka mkati, koma ngozi imabwera mphika usanafike pamafuwa: pozinga, pososola nthenga, potumbula, pamene magazi ndi fumbi zikulowa m'maso ndi m'mphuno, kawirikawiri za ana amene timawatuma ntchitoyi. Choncho nkhuku yofa yokha, kapena yomwe ikusinza, musaidye, musaigulitse, musaipatse galu kapena nkhumba. Ikwirireni m'dzenje lakuya mutavala pulasitiki m'manja, kenako musambe ndi sopo.

Nkhaniyi si yakutali monga ena amaganizira. Mu 2017 mtundu wa H5N8 unagwa pa famu yaikulu ya nkhuku ku Zimbabwe ndiponso ku South Africa. Mu 2023 South Africa inataya nkhuku mamiliyoni, mazira anasowa m'masitolo, ndipo chaka chomwecho matendawa anapezeka m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo malire athu, amene nkhuku zimadutsa pa njinga tsiku lililonse, sangatchinge kachilombo.

Za mliri, ndikuyankheni mosabisa. Pakalipano H5N1 safalikira mosavuta kuchoka kwa munthu kupita kwa munthu mnzake, ndipo n'chifukwa chake sanasanduke mliri. Chodetsa nkhawa n'chakuti tizilombo ta chimfine timasinthasintha, ndipo tiwiri tikakumana m'thupi limodzi, la nkhumba kapena la munthu, timatha kusinthana zidutswa n'kubala mtundu watsopano umene matupi athu sanauonepo. Miliri ya chimfine ya 1957 ndi 1968 inabadwa motero, pamene kachilombo ka anthu kanasakanikirana ndi ka mbalame. Wa 1918, umene akuti unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni, unafika mpaka ku Nyasaland kumapeto kwa chaka chimenecho. Mu March 2024 H5N1 anapezeka m'ng'ombe zamkaka ku Texas, m'dziko la America, chinthu chimene akatswiri ambiri sanachiyembekezere, ndipo chikusonyeza kuti kachilomboka kakuzolowera nyama zoyamwitsa.

Anthu akamakamba za kukonzekera mliri amathamangira kutchula katemera, mankhwala monga oseltamivir, mpweya wa okosijeni ndi zipinda zapadera m'zipatala. Zonsezo n'zofunika, ndipo Covid-19 inationetsa mmene maiko osauka amatsalira kumbuyo pa mzere wa katemera. Koma kwa ine, kukonzekera kwenikweni m'dziko ngati lathu kumayambira kwa munthu wonga inu, amene waona nkhuku zikufa n'kukauza mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Vuto n'lakuti mlimi akadziwa kuti akanena ndiye kuti nkhuku zake zotsala ziphedwa popanda chipukuta misozi, amangokhala chete n'kuthamangira nazo kumsika zisanafe, ndipo matenda amayenda msika ndi msika. Sindingamudzudzule mlimi wotere, chifukwa akuteteza chakudya cha ana ake. Boma lofuna kumva msanga liyenera kukhala ndi ndalama zolipira alimi, alangizi okwanira okhala ndi mafuta a njinga zamoto, ndiponso njira yoti a zaziweto ndi a zaumoyo azidziwitsana mwachangu.

Inuyo, Mayi, pitani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, kapena muuze alangizi a zaumoyo ngati iye ali kutali. Patulani abakha ku nkhuku zotsala, musabweretse zina m'kholamo, ndipo ana asasewere nazo kapena kugona nazo m'nyumba imodzi. Wina aliyense amene anagwira nkhuku zija akamva kutentha thupi, chifuwa, kubanika kapena kufiira maso m'masiku khumi otsatira, apite kuchipatala msanga, ndipo akafika asaiwale kuwauza adokotala kuti kunyumba kwafa nkhuku, chifukwa popanda mawu amenewo angongoyezedwa malungo n'kubwezedwa.