Malo akupatsani, nanga alipire ndani?

Achemwali ena andilembera pa imelo kuti yunivesite ina ya ku UK yawapatsa malo a Masters, sukulu ikutsegulira mu Seputembala, koma ndalama alibe. Kalata yawo alemba mu Juni, ndipo funso lawo ndi lalifupi: “Kodi ndingapeze kuti sikolashipu yondilipirira nthawi isanathe?”

Achemwali, yankho langa silikukomerani, koma sindikufuna kukunamizani. Sikolashipu zikuluzikulu zimene zikanakulipirirani zonse chaka chino zinatseka kalekale. Chevening, ya boma la Britain, imatsegula cha mu Ogasiti n'kutseka mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, kutatsala pafupifupi chaka chathunthu kuti sukulu iyambe. Mapulogalamu ambiri a Erasmus Mundus, sikolashipu ya European Union, amatseka pakati pa Disembala ndi Febuluwale. Ya Swedish Institute imafuna kuti mukhale mutafunsira kale malo ku Sweden pofika pakati pa Januwale. Pamene inu munkadikirira yankho la yunivesite, eni ndalama anali atayamba kale kusankha anthu awo.

Kalata yanu yandikhudza chifukwa nanenso ndinagwirapo kalata yondipatsa malo ku yunivesite ngati yanuyo. Ndikudziwa mmene imakomera. Dzina lako lili pamwamba, chidindo cha yunivesite chili pambali, ndipo abale akangoiona amayamba kukuyankhula ngati wakwera kale ndege. Ndinaisindikiza pa pepala labwino, n'kuiika mu envelopu, n'kuyamba kuyenda nayo. Ndinalowa m'maofesi a makampani, a mabungwe othandiza anthu, ngakhale kwa anthu amene ndinangomva kuti ndi amtima wabwino. Kulikonse nyimbo inali imodzi: “Siyani kalatayo, tikuimbirani.” Foni sinalire. Bwana wina yekha ndi amene anandiuza zoona. Anaiwerenga kalatayo mpaka kumapeto, n'kundifunsa kuti kampani yawo ipindulapo chiyani ndikakaphunzira. Ndinayamba kufotokoza za mavuto anga, iwo n'kundidula mwaulemu kuti mavutowo awamva, koma funso lawo silinali limenelo. Ndinatuluka nditakwiya. Lero ndimaona kuti pa anthu onse amene ndinakumana nawo nthawi imeneyo, iwo okha ndi amene anandipatsa kanthu.

Mmenemo n'kuti yunivesite ija ikunditumizira maimelo osalekeza, kundikumbutsa za dipoziti. Kenako inandiuza kuti yandipatsa “sikolashipu”. Mtima unagunda. Nditawerenga bwino ndinapeza kuti angochotserako kachigawo kochepa pa fizi, ndipo zotsalazo, pamodzi ndi nyumba, chakudya, ndege, viza ndi inshuwalansi ya chipatala, zinali pamutu panga.

Apa ndiye ndilankhule mosabisa. Ophunzira ochokera kunja amalipira fizi yokwera kwambiri kuposa eni dziko, ndipo mayunivesite ambiri a ku UK amadalira ndalama imeneyi kuti ayende. Choncho pa makosi ambiri a Masters, kupeza malo si kovuta monga timaganizira. Kalata yokupatsani malo ili ngati mawu a wogulitsa amene wati katundu akusungirani mpaka mubwere ndi ndalama. Sindikunyoza nzeru zanu ayi, malowo mwayeneradi. Koma mpikisano weniweni uli pa ndalama, ndipo mpikisano umenewo inu simunaulowe. Ndipo kutchula kuchotserako mtengo kuti sikolashipu, kwa ine n'chinyengo basi, ngakhale malamulo akuloleza. Pali mabanja amene agulitsa katundu ndi kulowa m'ngongole chifukwa cha mawu amenewa, mwana n'kukathera ndalama pakati pa chaka.

Za maajenti nazo ndinenepo, poti mwina ndi amene anakuthandizani kupeza malowo. Ambiri mwa iwo amalandira komishoni ku yunivesite wophunzira akalembetsa ndi kulipira. Ndiye musadabwe kuti za malo amathamanga nazo, za sikolashipu amangoti “zimenezo tidzaona”. Oipitsitsa ndi aja amalengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti mukawatumizira ndalama akupezerani sikolashipu yotsimikizika. Chevening salipiritsa kufunsira. Sikolashipu za Commonwealth nazo salipiritsa. Munthu wakuuzani kuti ali ndi mnzake mkati, mutsekereni foni.

Ndibwerere kwa bwana aja. Funso lawo ndinadzakumana nalonso pa fomu iliyonse imene ndinalemba pambuyo pake, litangosintha malaya. Chevening imafunsa za utsogoleri wanu, za mmene mumamangira ubale ndi anthu pa ntchito, chifukwa chimene mwasankhira makosi atatu amene mwalemba pa fomuyo, ndi zimene mudzachite mukabwerera. Imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito maola 2,800, zomwe ndi zaka ziwiri, komanso mulonjeze kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri mukamaliza. Pulogalamu ya EPOS ya bungwe la DAAD la ku Germany nayo imafuna zaka ziwiri za ntchito. Swedish Institute imafuna maola 3,000 ndi umboni wa utsogoleri. Mukaona malamulo amenewa pamodzi mumvetsa kuti anthuwa akufuna munthu amene wayamba kale kuchita kanthu, amene digiriyo ikamuwonjezera mphamvu pa zimene akuchitazo. Boma la Britain silinayambitse Chevening mu 1983 chifukwa cha chifundo chokha, likufuna abwenzi amene mawa adzakhale pa maudindo m'maiko awo. Chimodzimodzi Fulbright ya ku America, imene inayamba mu 1946. Palibe choipa pamenepo, bola mudziwe amene mukulankhula naye.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa anthu akanditumizira nkhani zawo zofunsira kuti ndiwaonere, n'kupeza ndime zitatu zoyamba zonse zikunena za umphawi ndi umasiye. Zinthu zimenezo n'zoona ndipo n'zopweteka, sindikuzipeputsa. Pali malo amene zimawerengedwa: Mastercard Foundation Scholars Program, yomwe inayamba mu 2012 ndipo mumafunsira kudzera ku mayunivesite amene imagwira nawo ntchito monga Edinburgh, Cape Town ndi Pretoria, imayang'anadi ngati munthu ali wosowa. Komabe nakonso amafuna aone zimene mwachitira anthu ena. Wowerenga mafomu mazanamazana sakumbukira munthu amene analemba kuti ali ndi mtima wofuna kutukula dziko lake, poti aliyense amalemba zomwezo. Amakumbukira amene analemba kuti pa ntchito pake panali vuto lakuti, iye anachita chakuti, zinasintha motere, ndipo pamene anakanika m'pamene kosi imeneyi ikamuthandize.

Ndisaiwale za anthu okulemberani makalata a umboni, poti apa pamagwa anthu ambiri amene zina zonse anakonza bwino. Aphunzitsi ena amene ndinkawadalira kwambiri anavomera ndi nkhope yosangalala, kenako anangoti zii. Foni osayankha, imelo osayankha, tsiku lotsekera likuyandikira. Anandipulumutsa ndi aphunzitsi ena amene sanali otchuka n'komwe, koma ankandikumbukira ndi ntchito yanga ya chaka chomaliza. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti dzina lalikulu la pulofesa amene sakukudziwani silipindula kanthu. Pemphani amene anakuonani mukugwira ntchito, muwapatse CV yanu ndi nkhani imene mwalemba, ndipo mukhale ndi wina wapadera poopa zadzidzidzi. Transcript, pepala losonyeza mmene munakhozera maphunziro anu, nayo itengeni msanga, maofesi ena amatha miyezi asanaitulutse.

Wina afunsa za PhD, ndiye ndingoti pang'ono. Kumeneko nkhani imasintha. Ku Sweden, Norway, Denmark ndi Netherlands, malo ambiri a PhD amalengezedwa ngati ntchito ndipo munthu amalandira malipiro. Ku America mayunivesite ambiri amachotsa fizi n'kumakulipira pamene ukuthandiza kuphunzitsa kapena kufufuza. Munthu wodzilipirira yekha PhD ndimamumvera chisoni.

Ndiye muchite chiyani, achemwali?

Lemberani yunivesiteyo lero, mufunse ngati angakusungireni malowo mpaka chaka chamawa. Ambiri amalola kamodzi. Musalipire dipoziti musanawerenge ngati imabwezedwa. Afunseninso ngati kosi yanuyo ili pa mndandanda wa Commonwealth Shared Scholarships, chifukwa zimenezo zimaperekedwa pa makosi osankhidwa okha ndipo mumafunsira mbali ziwiri, ku yunivesite ndi ku Commonwealth Scholarship Commission.

Kenako yambirani kwa eni ndalama. Tengani sikolashipu zimene ndatchulazi, mulowe pa masamba awo enieni, muone ngati dziko lanu lili pa mndandanda, ndipo mulembe masiku otsekera pamalo amodzi. Chevening imatsegula cha mu Ogasiti, ndipo sifuna kuti mukhale ndi malo pa tsiku lofunsira, amadzafuna kalatayo cha mu Julayi chaka chotsatira. Musamangirire mtima ku UK kokha. Erasmus Mundus imakuphunzitsani m'maiko osachepera awiri ndipo imapereka 1,400 euro pamwezi pamwamba pa fizi. Mayunivesite ambiri a boma ku Germany salipiritsa fizi, kupatula madera ena monga Baden-Württemberg kumene ochokera kunja kwa European Union amalipira 1,500 euro pa semesita, ngakhale kuti popempha viza mudzafunika kuonetsa ndalama zokhalira. Ngati simungachoke pa ntchito kapena kusiya banja, kuli Commonwealth Distance Learning Scholarships, mumaphunzira muli kwanu.

Ngati munalemba kale mayeso a Chingerezi a IELTS popezera malowa, onani tsiku limene lili pa setifiketiyo. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndiye werengani ngati zidzafike Seputembala wa chaka chamawa.