Amuna anga angokhala chogona, ya dokotala tilibe

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Bangwe. Amuna anga ankagwira ntchito pa kampani ina yonyamula katundu. Kwacha itagwa mphamvu mu Novembala 2023 kampaniyo inayamba kuchotsa anthu, ndipo patapita miyezi dzina lawo linatuluka nawo. Ntchito itatha, khadi la MASM, la inshuwalansi ya kuchipatala, linathera pomwepo.

Poyamba ankalawirira ku Limbe kukasaka maganyu. Pano miyezi inayi yatha ali chigonere. Nsima amangotema kawiri n'kusamba m'manja. Usiku ndikadzidzimuka ndimawapeza atakhala pamphepete pa bedi mumdima. Munthu amene ankachita kukuwa Bullets ikagoletsa, lero wailesi sayatsa n'komwe. Kuchipinda nako moto unazima kalekale.

Apongozi akuti alodzedwa, ndipo kwa asing'anga tapita kawiri, mbuzi inapita. Abale anga akuti ndi ulesi, ndizibwerera kwathu ku Thyolo. Nditafunsa pa chipatala china cholipira m'tauni, ndalama yongoonana ndi dokotala wa maganizo inaposa phindu la mandasi anga la sabata zingapo. Tsiku lina anandiuza kuti, "Mayi a Chisomo, ine ndangosanduka katundu, mukanapepukidwa ndikanapanda kukhalapo." Mawu amenewa akundisowetsa tulo. Nditani?

Mayi a Chisomo, Bangwe

Mwana wanga,

Ndiyambira kumapeto kwa kalata yako, chifukwa ndiko kwandidulitsa mtima. Mwamuna akafika ponena kuti mukanapepukidwa iye kulibe, usamayese ngati ndi mawu a kutopa chabe. Lero lomwe, ana akagona, ukhale nawo pansi uwafunse mosapita m'mbali: "Bambo a Chisomo, kodi mumaganiza zodzipha?" Ambiri amaopa kuti funso lotere limuika munthu maganizo amene analibe. Sizitero. Nthawi zambiri munthu amachita ngati watula mtolo poona kuti wina walimba mtima kufunsa. Akayankha kuti inde, usakuwe, usawalalikire, ungomvetsera. Usawasiye okha, ndipo mukafike ku Queens tsiku lomwelo, kaya ndi usiku kaya ndi Lamulungu. Mankhwala a makoswe, opopera kumunda, othira m'chimanga ndi mapiritsi otsalira m'kabati, zonsezo uzichotse m'nyumba ukasungitse kwa mnansi amene umamukhulupirira. Apolisi akamatulutsa ziwerengero za anthu odzipha m'dziko muno, ambiri amakhala abambo, ndipo ngongole, ulova ndi za m'banja ndizo zimatchulidwa kawirikawiri.

Zimene wafotokozazi, kusadya, kusowa tulo, kusiya zimene munthu ankakonda, kudziona wopanda ntchito, zikapitirira sabata ziwiri tsiku ndi tsiku, achipatala amati ndi matenda a kukhumudwa, ena amati matenda a maganizo. Waulesi nsima amadya ndithu, mpaka kunyambita mbale. Amuna ako akudwala, ndipo nthendayi imachizika.

Tsono za ndalama. Iwe unagogoda pakhomo lolipira n'kuganiza kuti ndi lokhalo. M'zipatala za boma kuonana ndi dokotala n'kwaulere, mankhwala nawo aulere, kaya munthu ali ndi khadi kaya alibe. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanu konko, mutenge buku lawo la kuchipatala. Ku Blantyre kuno nthawi zambiri amafuna kalata yochokera ku chipatala chaching'ono munthu asanakalandiridwe ku Queens, kumene kuli mbali yoona za matenda a maganizo yomwe anthu amangoti Room 6. Amene muli m'maboma, pa chipatala chachikulu cha boma lanu funsani namwino kapena dokotala woona za maganizo. Kumpoto ndi ku Lilongwe kulinso St John of God, chipatala cha mpingo wa Katolika. Kumeneko amalipiritsa, choncho funsani mtengo musanakwere minibasi.

Pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa anthu ambiri pakhomo penipeni. Mzere umakhala wautali, dokotala ali ndi mphindi zochepa, ndiye bambo akalowa amangoti "mutu ukundiwawa, thupi lonse likuphwanya." Amawayeza malungo, n'kuwapatsa panado, n'kubwerera kunyumba nthenda ili chikhalire. Ulowe nawo limodzi ngati avomera, ndipo ukanene zimene wandilemberazi momwe zilili: miyezi inayi, sakudya, sakugona, anena zofuna kufa. Ukhozanso kuzilemba pa kapepala usiku wake, kuti manyazi akakugwira ungopereka. Mawu oti akuganiza zofa usawameze, ndiwo amene amachititsa dokotala kuika cholembera pansi n'kukuyang'anani. Mwina adzawayezanso magazi, shuga ndi zina, poti matenda ena a m'thupi amafooketsa munthu mofananamo.

Ndikudziwa chimene amuna ako adzayambe kunena: "Ukufuna kunditumiza ku Zomba, ine ndine wamisala?" Dzina la Zomba Mental Hospital tinaligwiritsa ntchito molakwika, kuopsezera ana ndi kunyozerana pa mowa, mpaka anthu akuopa thandizo. Uwauze kuti odwala matenda a kukhumudwa ambiri sagonekedwa n'komwe. Amalandira uphungu ndi mankhwala, n'kumabwera pa tsiku limene apatsidwa, monga amachitira a BP.

Mankhwala amene amapezeka kawirikawiri ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Sagwira ngati panado. Pamapita sabata ziwiri mpaka zinayi, nthawi zina zisanu ndi imodzi, munthu asanayambe kupepukidwa, ndipo apa ndi pamene ambiri amawataya n'kumati sakuthandiza. Amitriptyline amagonetsa ndi kuumitsa kukamwa, n'chifukwa chake amamwa usiku, komanso ndi woopsa munthu akamwa wambiri nthawi imodzi. Botolo uzisunga ndiwe, uziwapatsa a tsiku limenelo basi. Akayamba kupeza bwino apitirize kwa miyezi ina isanu ndi umodzi kapena kuposa, monga anenere dokotala. Mankhwala akatha kuchipatala, poti zimachitika, pemphani akulembereni kuti mukagule ku famase. Mankhwala awiriwa ndi akalekale, mtengo wake sufika pa mbuzi ija. Mowa wokha aupewe, umakankhira munthu pansi.

Kulankhula nako ndi mankhwala. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri. Njira imeneyo, Friendship Bench, inathandiza anthu ambiri popanda kulipira. Ndiye funsa ngati pa chipatala chanu pali mlangizi, komanso upeze bambo mmodzi amene amuna ako amamulemekeza, kaya nkhoswe, kaya mkulu wa mpingo, koma wosunga pakamwa, azibwera kudzawatenga kukayenda madzulo. Asakhale wa "limbani mtima, mwamuna salira." Mawu amenewo atikwirira amuna ambiri.

Apongozi usakangane nawo za ufiti, suwina, ndipo nawonso akulira mwana wawo. Uwauze kuti mbuzi yapita, tsono tiyeseko kuchipatala, ndipo uwapemphe akuperekezeni. Abale ako a ku Thyolo uwayankhe kuti munthu sathawa wodwala. Za kuchipinda usadziimbe mlandu kapena kuganiza kuti kuli wina kumbali. Nthendayi imazimitsa chilakolako, ndipo chimabwerera munthu akamachira, ngakhale mankhwala ena amachichedwetsa. Zikatero muuzeni dokotala, asinthe.

Iwenso wanyamula zambiri, mwana wanga: mandasi, ana atatu, ndi kugona khutu lili tcheru. Upeze mnzako mmodzi wa kumvano kapena wa banki m'khonde woti uzimuuza zakukhosi. Mtanda wa mawa uusiye, mandasi adzaphikidwa mkuja. Mulawirire mzere usanatalike, ndipo ukabwerako undilembere zimene akuuzani.

Azakhali