Kodi kufunda mbendera ku mpira ndi kunyoza dziko?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Lilongwe. Akuti anapita ku Bingu National Stadium kukaonera Flames atafunda mbendera ya Malawi m'mapewa. Atatuluka, podikira minibasi, anatopa n'kuiyala pa simenti n'kukhalapo. Bambo wina wachikulire anawakalipira pagulu kuti akunyoza dziko ndipo akhoza kumangidwa. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndinalakwadi, kapena bamboyo amangofuna kundichititsa manyazi?"

Achemwali, pofunda paja simunalakwe. Munthu amene walipira pageti, wakuwa mpaka mawu kusasa, mbendera ili m'mapewa, ameneyo akulikonda dziko lake ndipo aliyense akuona. Koma pokhalapo paja bamboyo anali ndi mfundo, ngakhale akanachita bwino kukunong'onezani pambali m'malo mokuyalutsani pagulu.

Chifukwa chake chili pa nsaluyo. Mbendera imeneyi inakwezedwa koyamba pa 6 July 1964, tsiku limene Nyasaland inakhala Malawi. Mtundu wakuda pamwamba ukuimira anthu a mu Africa, wobiriwira pansi ukuimira nthaka ndi zomera zathu. Dzuwa lotulukalo lili ndi mizere 31 chifukwa Malawi anali dziko la nambala 31 kulandira ufulu mu Africa, ndipo ndi lomwe lija timati kwacha. Tsono pakatipo pali mtundu wofiira, magazi a anthu amene anafera ufulu. Ena mwa iwo anawomberedwa padoko la Nkhata Bay pa 3 March 1959, ndipo adzukulu awo alipo mpaka lero. Ine ndikaganiza zimenezi, mtima sundilola kukhalira nsaluyo, kupukutira thukuta kapena kuikoka m'fumbi. Nsalu imene agogo anu anakusiyirani simungaiyale pakhomo kuti anthu azipondapo, ngakhale patakhala kuti palibe amene akukuonani.

Za kumangidwa, lamulo lilipodi. Limatchedwa Protected Flag, Emblems and Names Act, la mu 1967, ndipo limaletsa kunyoza mbendera ndi zizindikiro zina za dziko. Koma inu simunakhalepo kuti munyoze, munali mutatopa, ndipo ine sindikuona kuti kuopseza munthu ndi apolisi kungamuphunzitse kukonda mbendera.

Pali china chimene chimandipweteka kuposa zimene munachita inuzo. Mu July 2010 boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera. Wofiira unapita pamwamba, wakuda pakati, ndipo dzuwa lofiira lotuluka linachotsedwa, m'malo mwake anaika dzuwa loyera lathunthu pakati. Ankati dziko latukuka, dzuwa lathu silingakhale likungotulukabe. Mipingo, mabungwe ndi zipani zotsutsa zinadandaula kuti anthu sanafunsidwe mokwanira, komanso kuti ndalama zosokera mbendera zatsopano zikanagwira ntchito zina. Chaka chotsatira tinkagona pamizere ya mafuta ndi zigubu, mbendera ya chitukukoyo ikupepeluka pamwamba pa maofesi a boma. Bingu atamwalira mu April 2012 ndipo Joyce Banda atalowa m'boma, aphungu anavota pa 28 May 2012 kubwezeretsa mbendera yakale. Yatsopano ija sinakwanitse ngakhale zaka ziwiri.

Kwa ine nkhani imeneyi inaonetsa kuti mbendera ili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi anthu wamba ngati inu. Boma likhoza kusoka nsalu yatsopano ndi kuikweza pa mtengo, koma anthu akapanda kuilandira mumtima imakhala ya chipani basi. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amafuna kuti mbendera izikhala ya akuluakulu okha, yoti munthu wa ku Chinsapo kapena ku Ndirande aziiopa kuigwira. Ikhale m'manja mwa anthu, ku mpira, pa 6 July, pagalasi la minibasi.

Ndipo ngati tikufuna kudzudzula, tiyambire kumene mbendera ili pa ntchito tsiku ndi tsiku. Mwezi watha ndinaima pa ofesi ina ya boma kudikira chidindo. Mbendera ya panja inali itasuluka, wakuda utasanduka wotuwa ngati phulusa, wofiira utafwifwa, kumapeto kwake kutang'ambika n'kukhala nsanza zolendewera. Chingwe chake anachita kulumikiza ndi waya. Anthu ovala masuti ankadutsa pansi pake osakweza n'komwe maso. Mbendera yotere imafunika kutsitsidwa ndi kuikapo ina. Mwambo wakenso ndi wakuti poitsitsa isakhudze pansi, ndipo pa nthawi ya maliro a dziko, monga mu June 2024 titataya Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anzake ku Chikangawa, imayamba yakwezedwa mpaka pamwamba kenako n'kuitsitsa kufika pakati pa mtengo. Ambiri amangoisiya pakati pomwe yafikira.

Ndiye achemwali, Flames ikadzaseweranso pitani nayo mbendera yanu, muifunde, muikupize mmene mungathere. M'chikwama mudzaponyemo chitenje chakale choti mudzakhalire podikira minibasi, ndipo mbenderayo mudzaipinde bwinobwino musanachoke pa sitediyamu.